Padi, Panti, Madzi ndi Dzuwa: Malangizo Osamalira Msambo m'Misika ndi m'Masukulu a ku Chiradzulu

Amene amakwera minibasi ya m'mamawa pa Njuli, pa Mbulumbuzi kapena pa Nguludi Turn-Off akudziwa kuti anthu ambiri a ku Chiradzulu amangogona kwawo, koma tsiku amathera ku Limbe. Amayi amalawira ndi madengu a tomato ndi masamba, n'kubwerako dzuwa litalowa. Atsikana amene kwawo n'kutali ndi sekondale amachita lendi tizipinda kuseri kwa magolosale, awiri kapena atatu chipinda chimodzi. Onsewa moyo wawo ndi wa m'tauni: chimbudzi chimodzi mabanja asanu, madzi otunga pamzere, chingwe choyanikira chili pabwalo pamene aliyense amadutsa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 356,875 m'boma lino, pa malo a masikweya kilomita 767 okha. Pothithikana chotere, malo oduka mphepo oti mayi kapena mtsikana adzisamalire ali kumwezi ndi osowa kwambiri.

Malangizowa ndi a makolo, magulu a amayi a m'masukulu, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, atelala ndi makomiti a misika. Chaka chilichonse pa 28 May pamakhala mwambo wokumbukira za ukhondo wa msambo, atsikana amalandira paketi imodzi imodzi ya mapadi, zithunzi zimajambulidwa. Palibe cholakwika ndi mphatsoyo, koma paketi imatha mwezi womwewo, pamene msambo umabweranso mu June. Chimene chingakhalitse ndi chimene mudzi, sukulu ndi msika zingathe kudzichitira ndi ndalama zawo, ndipo padi ndi chimodzi chabe mwa zinthu zofunika.

1. Yambani mwawerengetsa

Munthu amene ali kumwezi amafunika kusintha padi maola 4 mpaka 6 alionse. Pa masiku 5 ndiye kuti mapadi osachepera 20, omwe ndi mapaketi awiri. Nyumba ya mayi ndi ana aakazi awiri otha msinkhu ikufunika mapaketi 6 pamwezi, 72 pachaka. Pitani pagolosale ya kwanuko mukafunse mtengo wa lero wa paketi imodzi, muchulukitse ndi 72, kenaka muyerekeze ndi mtengo wa thumba la feteleza. Chiwerengero chimenechi mukachinene pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi abambo ali pomwepo, chifukwa ambiri a iwo sanachimvepo.

Mu February 2022 nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, a Sosten Gwengwe, inalengeza kuti boma lachotsa msonkho pa mapadi kuyambira pa 1 April chaka chomwecho. Kenya inachita zimenezi kale mu 2004. Linali ganizo labwino, koma mu May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti. Popeza mapadi ambiri a m'masitolo amachokera kunja, zimene msonkho unasiya zinadyedwa ndi kugwa kwa ndalama. Choncho musauze mayi wogulitsa mandasi kuti mapadi anatsika mtengo. Iye ndiye amapita kugolosale, akudziwa.

2. Panti ndiye poyambira

Padi, kaya yogula kaya yosoka, imagwira pa panti. Mtsikana amene ali ndi panti mmodzi wotha lasitiki, ngakhale mumupatse mapadi abwino chotani, ayendabe mwamantha. Musanagawe kapena kugulitsa chilichonse, mayi mmodzi wodalirika afunse atsikanawo payekhapayekha, osati pagulu. Aliyense akhale ndi mapanti osachepera atatu a nsalu ya thonje, omugwira bwino m'chiuno. Akuda kapena a mtundu wodera ndi abwino popeza sawonetsa zothimbirira. Gulu likasonkha ndalama n'kukagula pa dazeni ku Limbe, mtengo wa mmodzi umatsika.

3. Nyanda musainyoze

Agogo athu anakula ndi nyanda, ndipo mpaka lero amayi ambiri m'boma lino amadula chitenje chakale n'kupinda. Mlangizi amene amayamba ndi kunena kuti nyanda ndi uchitsiru wakale amataya anthu ake pomwepo. Nsalu payokha ilibe vuto. Vuto limabwera ikakhala ya nayiloni yosamwa madzi, ikakhala yokhakhala mpaka kusupula m'ntchafu, ikavalidwa tsiku lonse osasintha, kapena ikayanikidwa mumdima. Zoyenera kuletseratu ndi siponji ya matiresi, mapepala a nyuzi, thonje la m'mapilo ndi zigamba zotola kwa telala zosachapa. Amene akugwiritsa nyanda asankhe nsalu ya thonje yofewa, akhale nazo zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo, ndipo atsate zonse za mu nambala 5.

4. Kusoka padi yochapa

Mapadi osoka alipo a mitundu iwiri. Wina amasokera nsalu zonse pamodzi, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, n'kukhala chinthu chimodzi chochindikala. Amaoneka bwino pa tebulo la chionetsero, koma mkati mwake simuuma msanga, ndipo akayanikidwa aliyense amadziwa kuti ndi chiyani. Ife tikulimbikitsa mtundu wachiwiri, wa zigawo ziwiri: chogwirizira chokhala ndi mapiko, ndi kansalu kopinda kamene kamalowa m'chogwiriziracho. Kansaluko mukakatambasula kamangooneka ngati mpango wa m'thumba, kamauma maola ochepa, ndipo mtsikana angathe kukayanika pachingwe cha pa lendi popanda womuloza chala.

Zofunika ndi izi: nsalu ya thonje yofewa, makamaka fulaneli imene amasokera zofunda za makanda, chitenje cha thonje, nsalu yosalowa madzi, monga ya ambulera yakutha kapena ya jekete la mvula la pa kaunjika, mabatani okanikiza, ulusi, singano, sizasi ndi katoni yojambulapo. Nsalu iliyonse, makamaka ya pa kaunjika, ichapidwe ndi sopo ndi kuuma pa dzuwa musanaidule. Kuchapako kumachotsa litsiro, komanso nsalu ya thonje imafupikiratu, kuti isadzakhwinyate mutasoka kale.

Pa katoni jambulani chinthu chonga mtanda wa nsonga zozungulira: kutalika masentimita 25, pakati kutambalala masentimita 8, ndipo kuchoka kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga ya linzake masentimita 19. Ya usiku kapena ya mayi wamkulu thupi italike mpaka masentimita 30. Dulani zidutswa ziwiri za chitenje ndi chimodzi cha nsalu ya ambulera. Sanjani zitenje ziwirizo moyang'anizana kumaso, ya ambulera pansi pake, sokani kuzungulira n'kusiya kampata ka zala zitatu, tembenuzani, ndipo mudutsenso ndi ulusi m'mphepete monse kutseka kampatako. Nsalu ya ambulera ikhala itabisika pakati. Musaiboole ndi singano pakati pa padi, chifukwa bowo lililonse ndi njira ya magazi. Ulusi uyende m'mphepete mokha. Kumapeto onse awiri sokererani kathumba kakuya masentimita 5, kapena kalamba kopingasa, kolowetsamo nsonga za kansalu kopinda. Pa mapiko ikani batani. Zipini ayi, zimamasuka n'kubaya.

Kansalu kopinda ndi fulaneli wa masentimita 22 mbali zonse, zidutswa ziwiri zosokedwa pamodzi. Kapindeni patatu n'kukalowetsa m'matumba aja. Tsiku loyamba ndi lachiwiri, pamene magazi amachuluka, angathe kuika tiwiri. Sankhani fulaneli wa maluwamaluwa kapena wa mtundu wodera, osati woyera.

Munthu mmodzi akhale ndi zogwirizira 2, tinsalu 8, ndi kathumba kosalowa madzi konyamuliramo togwiritsidwa kale ntchito pochoka kusukulu kapena kumsika. Zikasamalidwa zimatha chaka kapena zaka ziwiri. Mashini akasowa, singano yapamanja imasoka bwinobwino, kungoti ulusi uyende pafupipafupi. Musanasokere anthu 50, sokani zitatu, amayi a m'gulu momwemo avale mwezi umodzi, abwere anene pamene zikusupula ndi pamene zikudontha. Iwo adzakuuzani zoona zimene mwana wa sukulu angachite manyazi kunena.

5. Kuchapa ndi kuyanika

Apa ndi pamene ntchito yambiri yabwino imafera. Padi yosokedwa mwaluso ikavalidwa yachinyezi imabweretsa zotupa, kuyabwa ndi fungo, mtsikana n'kuitaya, amake n'kumati za amabungwezi n'zachabechabe.

Viikani kansaluko m'madzi ozizira kwa mphindi 30, kapena usiku wonse m'kandowa kovundikira. Madzi otentha ayi, amaphika magazi n'kuwamatirira pa nsalu. Finyani, pakani sopo wamtanda, tikitani, tsukuluzani mpaka madzi atayera. Ngati zothimbirira zakanika, mchere pang'ono m'madzi oviikirawo umathandiza. Mankhwala oyeretsera zovala amadya nsalu ndipo otsalira ake amawotcha khungu, choncho asiyeni. Madzi ochapirawo athiridwe m'chimbudzi kapena m'dzenje la kubafa, osati pafupi ndi mjigo. Kandowa kameneka kakhale ka ntchito yokhayi, ndipo tinsalu sitibwerekanidwa, ngakhale pachibale.

Ndiye kuyanika. Atsikana ambiri anauzidwa kuti nsalu ya kumwezi isaonedwe ndi mwamuna, ndipo kuti wina akaitola angathe kuichitira mankhwala mwiniwake osadzabereka. Chifukwa cha mantha amenewa amayanika kunsi kwa mphasa, kuseri kwa thumba la chimanga, kapena kutsomeka kudenga, mumdima momwe nkhungu imamera. Simungathetse mantha a zaka zambiri ndi msonkhano umodzi, ndiye musalimbane nawo. Apatseni njira yoti nsalu ione dzuwa koma anthu asaione. Yanikani pachingwe n'kuphimba ndi chitenje chopyapyala, n'kupana zonse pamodzi. Kutentha ndi mphepo zimadutsa. Kapena mangani chingwe chachifupi mkati mwa mpanda wa bafa, pamene pamafika dzuwa la masana. Eni nyumba za lendi pa Namadzi, pa Boma kapena pa Namitambo angathe kutchinga kangodya kamodzi ndi mpanda wa udzu kapena matumba, kakhale koyanikira amayi. Ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Musayanike pa udzu kapena pansi. Ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa zovala zachinyezi, ndipo mphutsi yolowa malo amenewo ndi nkhani imene palibe angafune kuifotokoza kuchipatala. Mu June ndi July chiperoni chikakuta phiri la Chiradzulu masiku atatu osaona dzuwa, ndiponso nthawi ya dzinja, sitani tinsaluto ndi nsimbi yotentha mpaka titaumiratu. Chogwirizira chokha musachisite ndi moto wambiri popeza nsalu ya ambulera imasungunuka. Zikauma, sungani m'kathumba koyera pamalo ouma, osati m'pulasitiki yomanga.

6. Kapu ya msambo

Iyi ndi kakapu kofewa ka silikoni kamene kamapindidwa n'kulowetsedwa m'njira ya abambo, n'kumalandira magazi m'malo mowamwa. Kamodzi kangathe kukhala zaka mpaka 10. Kamakhuthulidwa pakatha maola 8 mpaka 12, kutsukidwa ndi madzi a m'kabotolo, n'kubwezeredwa. Msambo ukatha kawiritsidwe mphindi 5 m'kachitini kake. Kwa mayi amene amakhala tsiku lonse pamsika wa Limbe, kapena wophunzira wa ku Catholic University ku Nguludi amene amagona m'hositelo, palibe njira ina yosunga madzi ndi ndalama kuposa iyi. Palibenso choyanika.

Koma musaigawe ngati maswiti. Imafuna wophunzitsa amene amaigwiritsa ntchito iye mwini, manja osamba ndi sopo nthawi zonse, ndi kuleza mtima miyezi iwiri kapena itatu yoyambirira. Makolo ena amaopa kuti iwononga unamwali wa mwana kapena kuti isochera m'mimba. Kusochera singasochere, popeza khomo la chiberekero ndi laling'ono kwambiri. Za unamwalizo kambiranani poyera ndi amayi ake, ndipo amene sakufuna asakakamizidwe. Nzeru ndi kuyamba ndi amayi aakulu. Ana adzafunsa okha. Amene anaikitsa lupu ayambe wafunsa anamwino.

7. Mapadi ogula ndi kotaya kwake

Ali ndi malo ake: pa ulendo, sabata ya mayeso a MANEB, masiku amvula, ndi m'bokosi la mphunzitsi lothandizira amene msambo wamudzidzimutsa m'kalasi. Banja likhoza kugwiritsa osoka masiku onse n'kusunga paketi imodzi ya pangozi. Choipa n'chakuti amene wagula movutikira amafuna padi imodzi imufikitse madzulo, ndipo mapeto ake ndi kusupuka.

Padi yogula ili ndi pulasitiki yosawola. M'chimbudzi chogejemula imatseka mapaipi. M'chokumba imadzaza dzenje msanga ndipo imavutitsa opopa. Zinyalala za mumzinda wa Blantyre zimathera ku Mzedi, kufupi ndi malire athu, koma m'misika yathu yambiri mulibe galimoto yotenga zinyalala, choncho chilichonse chimathera pamene chagwiritsidwa ntchito. Kunyumba, kulungani m'pepala n'kukwirira m'dzenje lakuya lakutali ndi chitsime, loti agalu ndi nkhumba asafukule. Pasukulu ndi pamsika ikani chidebe chovundikira mkati mwa chimbudzi cha amayi, osati panja, ndipo pakhale munthu wodziwika wochikhuthula. Ngati muwotcha, kang'anjo kake kakhale ka njerwa kokhala ndi chumuni, kutali ndi makalasi, ndipo moto uyake kwambiri ana ataweruka. Utsi wa pulasitiki yonyeka pang'onopang'ono ndi woipa m'chifuwa.

8. Chimbudzi chokhala ndi chitseko

Funsani atsikana a Sitandade 7 chifukwa chimene amajombera ali kumwezi. Ambiri sayamba ndi padi. Amanena za chimbudzi chopanda chitseko, anyamata osuzumira, kusowa madzi, ndi yunifolomu yothimbirira imene ayenera kuyenda nayo pamaso pa kalasi yonse atamanga juzi m'chiuno.

Komiti ya sukulu iyendere zimbudzi za atsikana pamodzi ndi atsikana awiri, ione izi: chitseko chilipo ndipo chimatsekeka mkati, muli kuwala kokwanira kuti munthu adzione, muli ndowa ya madzi, kapu ndi sopo, pakhoma pali msomali wokolekapo chikwama kuti chisagwere pansi, khomo silinayang'ane bwalo la mpira kapena zimbudzi za anyamata. Zambiri mwa izi ndi za kalipentala wa pamudzi ndi tsiku limodzi la chitukuko.

Masukulu ena anamangiridwa chipinda chosinthira chapadera, chopakidwa penti, cholembedwa dzina lake m'zilembo zikuluzikulu. Zotsatira zake, mtsikana akalowamo sukulu yonse yadziwa. Kenaka mupeza chili chokhoma, makiyi ali ndi ahedi amene apita ku likulu la aphunzitsi la TDC, mkati muli makasu ndi matumba a ufa wa phala. Chipinda chosinthira chikhale chimodzi mwa zitseko za chimbudzi cha atsikana, chosalembedwa kanthu, chosakhoma nthawi ya sukulu. Pakhale mphunzitsi wamkazi mmodzi wodziwika kwa onse, wosunga mapadi apangozi, chitenje ndi siketi ya yunifolomu yobwereka. Ngati sukulu ilibe mphunzitsi wamkazi, mayi wa m'gulu la amayi wokhala pafupi agwire udindowu. Ndipo mtsikana akapempha kutuluka, aphunzitsi aamuna asamufunse kuti akukatani.

Kumbukirani ana olumala. Wa njinga ya olumala afunika khomo lotambalala ndi chogwirira. Wosaona afunika kuphunzitsidwa ndi manja, kugwira padi ndi batani lake. Wosamva afunika womufotokozera m'chinenero chamanja. Boma lino lili ndi mwayi chifukwa koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana otere ndi sukulu ya ana osamva ya Mary View zili ku Nguludi konkuno. Pitani mukapemphe nzeru.

Makomiti a misika, ziphaso zimene amayi amadula tsiku lililonse zikuyenera kuoneka pa chimbudzi chawo. Nkhaniyi ikalowe m'mabuku a makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC kuti ikafike ku khonsolo.

9. Ndalama zichokere kuti

Sukulu ya pulayimale iliyonse ya boma imalandira ndalama zotukulira sukulu za SIG, ndipo makolo ali ndi mawu pa mapulani a kagwiritsidwe kake. Gulu la amayi lisadikire kuitanidwa. Lipite ndi pepala lolembedwa mitengo ya fulaneli, sopo, ndowa ndi maloko, nthawi yokonza mapulaniwo isanadutse. Ndalamazi n'zochepa ndipo zimachedwa, koma sopo ndi loko zimakwanira.

Banki mkhonde ingathe kubwereketsa mamembala awiri kapena atatu ndalama ya mpukutu wa nsalu. Gulitsani pa mtengo wobweza nsalu ndi thukuta la wosoka, ndipo lolani kulipira pang'onopang'ono, kapena ndi nandolo nthawi yokolola. Pa mapaketi 10 aliwonse ogulitsidwa, patulani imodzi ya mwana wamasiye kapena wolera anzake. Gulu limene limangogawa ulere limasoka kamodzi, nsalu ikatha mashini n'kuchita dzimbiri. Achinyamata amene anaphunzira zosoka ku Mikolongwe, ndi atelala a m'makhonde a masitolo, aamuna omwe, ndi anthu oti muwakokere m'ntchitoyi. Alangizi a chitukuko cha m'midzi, amene ambiri anaphunzira ku Magomero, angathandize gulu kusunga mabuku. Mukafika pofuna kugulitsa m'masitolo kapena kumabungwe, pitani ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre mukafunse za muyezo wake musanasindikize dzina pa paketi.

Pali chifukwa china chosachedwera. Mwana akasowa ndalama ya padi ndi sopo kunyumba, alipo amuna panjira amene amapereka, ndipo sapereka chabe. M'boma limene HIV inazunza kwambiri ngati lino, mtengo wa paketi imeneyo ungakhale mimba kapena matenda a moyo wonse. Bambo amene amati za kumwezi n'za amayi adziwe kuti akapanda kugula iye, agula wina. Mwana amene akuvutitsidwa, kapena womudziwa, aimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana.

10. Muuzeni asanagwe m'dothi

Atsikana ambiri amatha msinkhu pakati pa zaka 10 ndi 15. Mwambo wathu umadikira kuti mwana aone kaye magazi, athamangire kwa azakhali kapena agogo akulira, ndiye alangizidwe. Kudikira kumeneku n'kumene kumachititsa ana kubisa masiku awiri poganiza kuti avulala kapena alodzedwa. Pofika zaka 9, mwana adziwe kuti kudzabwera magazi, kuti si matenda, ndi kuti adzauze ndani. Akhale ndi kathumba kake m'chikwama cha sukulu.

Anankungwi, amayi a mvano ndi a dawa ndi amene ali ndi khutu la atsikana pakati pa Alomwe, Ayao ndi Amang'anja a kuno, ndiye aitaneni ku maphunziro a zosoka ndi zochapa, akhale kutsogolo. Pa miyambo, sankhani nkhondo zanu. Zoti wa kumwezi asathire mchere m'ndiwo kuopa tsempho zilibe umboni wa chipatala, koma sizijombetsa mwana kusukulu. Mukhoza kuzisiya zikafa zokha. Zoyenera kukana poyera, mafumu ali pomwepo, ndi zitatu: kuti nsalu iume mumdima, kuti wotha msinkhu akasase fumbi, ndi kuti kupweteka kwa m'mimba kumatha ukagona ndi mwamuna. Chachitatuchi ndi bodza la anthu ofuna kunyenga ana. Kutha msinkhu si chilolezo cha banja. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo sangakwatiwe.

Anyamata nawo aphunzitsidwe, paokha poyamba, ndi mphunzitsi wamwamuna amene sachita nthabwala nazo. Kuseka mtsikana wothimbirira kukhale mlandu pa malamulo a sukulu monga kumenyana.

11. Zoyenera kupita nazo kuchipatala

Msambo umabwera pakatha masiku 21 mpaka 35 ndipo umatenga masiku 2 mpaka 7. Zaka ziwiri zoyambirira umatha kudumphadumpha. Phunzitsani mwana kuchonga tsiku loyamba kuseri kwa kope kuti asamadzidzimuke. Kupweteka kwa m'mimba ndi msana kumachepa ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje, kuyendayenda, ndi Panado kapena Brufen. Brufen amwedwe mutadya, ndipo wa zilonda za m'mimba kapena woganizira kuti ali ndi pakati asamwe. Wotaya magazi mwezi ndi mwezi afunika bonongwe, chisoso, nkhwani, nyemba, nandolo, usipa ndi chiwindi chikapezeka.

Pitani kuchipatala ngati magazi apitirira masiku 7. Ngati padi ikudzaza ola lililonse kapena awiri. Ngati pali chizungulire, kugunda kwa mtima ndi zikhatho zoyera. Ngati ululu ukugoneka munthu mwezi uliwonse ngakhale wamwa mankhwala. Ngati pali chikazi chonunkha kapena kuyabwa. Ngati msambo wasowa miyezi 3. Kapena ngati mtsikana wafika zaka 16 asanayambe. Jakisoni wolera ndi kam'mkono zimasintha msambo, ena kudonthadontha, ena kusiyiratu. Musasiye kulera musanakambe ndi anamwino.

Magazi otuluka mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo, otuluka pakati pa mwezi, kapena obwerera kwa mayi amene anasiya kale kusamba, si msambo. Angathe kukhala chizindikiro cha khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse, ndipo imagwira kwambiri amene ali ndi HIV. Bungwe la MSF, limene linayamba kupereka ma ARV m'boma lino mu 2001, linagwiranso ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo yoyeza khansayi ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. Amayi a zaka 25 mpaka 49 akayezetse ngakhale sakumva kalikonse. Funsani ku chipatala chachikulu pa Boma, ku St Joseph's ku Nguludi kapena ku chipatala chaching'ono cha kwanu masiku amene amayeza. Katemera wa HPV woteteza atsikana ku khansayi, amene anayamba m'dziko lonse mu 2019, ndi waulere. Amene akuchita manyazi kapena ali kutali aimbe Chipatala cha pa Foni pa 54747.

12. Konzekerani dzinja

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira, ndipo anthu ambiri m'boma lino anakhala masabata m'makalasi ndi m'matchalitchi, amuna, akazi ndi ana malo amodzi. Wothawa madzi usiku amanyamula mwana, satenga nyanda. M'misasa yotere mulibe poyanika, sopo ndi wolimbirana, ndipo thandizo loyamba kufika limakhala ufa ndi nyemba.

Pofika November, mayi aliyense amange m'pulasitiki mapanti awiri, tinsalu tinayi, paketi imodzi ya mapadi ogula, sopo ndi chitenje, aike pamodzi ndi ziphaso ndi mabuku a kuchipatala, pamalo oti n'kutola mumdima. M'komiti yoona za ngozi ya m'mudzi mukhale amayi osachepera awiri amene ntchito yawo ndi imeneyi. Msasa ukatsegulidwa, tsiku loyamba lomwelo alembe chiwerengero cha amayi ndi atsikana otha msinkhu n'kuchipereka kwa a khonsolo pamodzi ndi cha mabanja, apatule chimbudzi ndi bafa la amayi lokhala ndi nyali, ndipo atchinge ndi matumba ngodya imodzi ya kumene kumawomba dzuwa, amangemo chingwe.